Mapemphero a Chidachi ku Mississauga

Anzanga inu, kusungulumwa kumapusitsa munthu, ndaona ndekha. Ine Nachisale, mayi wamkulu ndithu, ndakhala kuno kutsidya kwa nyanja, mumzinda wa Mississauga, nyengo yonse yozizira osamva munthu akunditchula dzina. Kunyumba ya okalamba komwe ndimagwira ntchito amangonditchula kuti nesi, kunyumba kwanga ndimayankhulana ndi ketulo.

Ndiye tsiku lina ndinaona chikwangwani pakhomo la laibulale, pali chithunzi cha nyumba ya njerwa, pamwamba pake mawu akuti Dutch, Loweruka masana. Mtima phaa! Kwathu ku Dowa ukati Dachi ndiye mpingo basi, kulinso Dachi wina? Zina zonsezo sindinawerenge. Ndinasita yunifolomu yanga ya kumpingo, bulauzi yoyera ndi duku, ndikukazinga mandasi beseni lonse, buku la nyimbo m'khwapa, uyo pa basi.

Nditalowa mu holo ya pa laibulale paja ndinapeza azungu okalamba okhaokha, ndinati ndi momwemo, mpingowu anabweretsa ndi iwowa. Ndinayamba kupereka moni wa m'manja mzere wonse, uku ndikupinda maondo. Gogo wina anandipatsira kapu yake, kuyesa ndine wotolera ziwiya.

Kenaka magetsi thii. Ine maso tsinzinu, mutu pansi, kudikira pemphero. Bambo wina anayamba kuyankhula kutsogolo, atangopumira, ine mokweza, "Ameni!" Kutsegula maso, anthu onse akundiyang'ana, pakhoma pali chithunzi cha nyumba ija. Sichinali tchalitchi ayi, linali linga la asilikali la ku Holande, kwawo kwa Adachi, ati analimanga kalekale pamwamba pa chimchumbi chachikulu chotchinga madzi a mtsinje. Munthu wanzeru akanatuluka pomwepo, koma mukatuluka bwanji mutavala zoyera mumdima?

Ndinangokhalabe pampando. Bambo aja anaonetsa chithunzi china, minda yonse yamira, mitengo yangotsala nsonga, ndipo anati kwawo kwa agogo awo kunali pomwepo. Apa ndiye mtima wa Chimalawi unandipereka. Munthu akunena kuti madzi anawalandira minda, inu n'kungokhala chete ngati pa kanema? Ndinadzuka, beseni m'manja, n'kukagwada patsogolo pawo.

"Pepani bambo, pepani ndithu. Ifenso kwathu madzi amatiliza. Landirani kachipepeso aka."

Bambo aja anavula magalasi. "Mayi, zikomo, koma madziwo tinkatsegulira dala."

"Dala?"

"Eya. Adani akamabwera tinkamiza dziko lathu lomwe, madzi ofika m'maondo, oti msilikali sangayende bwino, bwato nalonso silingayandame. Njira youma inkatsala pa mchumbi pokha, n'chifukwa chake lingalo lili pamenepo."

Amayi ine! Ndinali nditapepesa anthu pa nzeru zawo, nditachedwanso ndi zaka zoposa za agogo anga. Holo yonse inaphulika ndi phwete, ine nkhope yotentha ngati mbaula, kubwerera pampando.

Koma pamapeto pake anafotokoza kuti m'lingamo asilikali ankakhala miyezi, madzi mbali zonse, kudikira mdani amene sanabwere, mpaka kunadzabwera ndege zongodutsa pamwamba, lingalo n'kusanduka nyumba ya mileme. Aliyense anaseka za milemezo, ine ndekha misozi lengelenge. Ndinkaona chipinda changa chija ndi ketulo wanga.

Mandasi anatha onse, ati kwawo aliko ofanana nawo. Ndikuthawira ku basi, gogo wa kapu uja anandikoka chikhoti, kundifunsa dzina, n'kulibwereza katatu mpaka analikhoza. Ndinafika kunyumba ndikulimvabe m'khutu.

Ndalumbira, sindidzawerenganso mawu amodzi okha pa chikwangwani, ndipo sindidzapepesanso Mdachi pa nkhani ya madzi. Loweruka likubwerali akukamba za mphero zoyendera mphepo, ine za mphepo ndilibe nazo ntchito, koma gogo uja wati, "Nachisale, usaiwale mandasi." Ufa ndagula kale.