Monita Yakana Kwaya ya Amayi

Lolemba

Kwa Akuluakulu Opanga Makompyuta, kulikonse kumene muli kutsidya kwa nyanja. Ine, mwini digiri, mphunzitsi wa sekondale pa Neno pano, ndikudandaula mwaulemu wonse kuti monita yanu, galasi loonerapo la kompyuta, yandithimira pamaso katatu m'mawa uno popanda kutsanzika. Kwathu kuno ngakhale mlendo wokwiya amati "ndapita." Kalatayi ndilibe koitumiza, choncho ikhala m'kope muno.

Nkhani ndi iyi. Sabata yatha ndinajambula vidiyo ya kwaya ya amayi a kutchalitchi kwathu. Wapampando wake ndi mayi anga ondibala. Nyimbo zisanu ndi imodzi, zina paphiri, zina pansi pa mitengo ya manachesi. Lamulungu tikaweruka mapemphero aionera onse.

Vuto: kamera ili ndi makutu, ine ndinaiwala. Zonse zimene ndinkang'ung'udza kuseri kwake zalowa m'tepi. "Uku n'kuvina kapena aponda linthumbu?" Ameneyo ndiye mawu aulemu pa onse.

Ntchito tsono: kulowetsa tepi m'kompyuta, kudula, kufufuta pakamwa panga, kuikapo nyimbo zomwe tinajambula padera m'tchalitchi. Ntchito ya masiku awiri basi.

Lachiwiri

Galasi lakuda bii. Kalembo kakang'ono kakungoyendayenda kunena kuti palibe chikufika. Kompyuta ikulira bwinobwino pansi pa tebulo.

Zomwe ndayesa:
1. Kuzula chingwe cha kumbuyo, kuuzira, kubwezera.
2. Kumanga timabawuti take. Kamodzi kanatsala m'minibasi pochokera ku Blantyre, pamalo pake ndakulungapo mphira ya njinga.
3. Kuimenya pang'ono pambali. Mwasayansi.
4. Kuilankhula Chingerezi.

Kenaka ndikuona kuti kaphini kamodzi ka m'mutu mwa chingwe n'kopindika. Ndakawongola ndi sefitipini ya amayi. Chithunzi chabwera! Koma kwaya yonse yasanduka yachikasu, nkhope, maduku, ngakhale thambo.

A Jafali a pagolosale, amene ndikukoka magetsi ku jenereta yawo, asuzumira pazenera. "Aphunzitsi, onsewa mwawalowetsa chipani chimodzi? Nthawi imeneyo inatha."

Lachitatu

Kaphini kachiwiri kawongoka, mitundu yabwerera. Nyimbo ziwiri ndadula bwino, mawu anga ndachotsa. Ndikumva ngati munthu wokhululukidwa.

Kufika pa nyimbo yachitatu, pamene a Nangozo akukweza dzanja kuti ayambitse, pulogalamu yauma gwa. Mausi sakusuntha. A Nangozo aima dzanja m'mwamba, kukamwa yasa. Kenaka zonse zatseka zokha. Kodi ndinasunga? Funso labwino. Kuyunivesite mafunso otere tinkawadumpha.

Kuyambiranso. Pa a Nangozo, gwa. Kachitatu, pomwepo, dzanja lomwelo!

Lachinayi

Nkhani yafika pamsika ine ndisanasambe. A Nangozo abwera okha, basiketi pamutu. Iwowa anapikisana ndi amayi pa mpando wa kwaya, ndipo masiku ano wogonja pachisankho savomera msanga.

"Akuti makina anu akundikana, eti? Akundikana ndi makina kapena ndi amayi anu?"

Ndafotokoza za sayansi kwa mphindi khumi. Anena kuti zikomo, amva, koma owakana ndi amayi anga.

Amayi nawo: "Iwe, a Nangozo aoneke. Akapanda kuoneka ine ndilibe mtendere mpaka Khirisimasi."

Chabwino, kafukufuku. Ndasuntha nyimbo ya a Nangozo, ndaiika poyambirira. Yadutsa mosalala! Yauma patsogolo, pa nkhope ya amayi anga enieni. Ndiye kuti makinawa alibe chipani. Amangotopa pakatha mphindi zisanu ndi ziwiri, kaya pagalasi pali ndani. Ndagwira bokosi: likutentha ngati simbi.

Amayi sindinawauze kuti tsopano wokanidwa ndi iwo.

Lachisanu

Ndatsegula bokosi. M'kati muli:
fumbi la msewu wathu, lokwanira kuumba njerwa;
kanyumba ka mavu, eni ake alipo;
fani yosazungulira, yakufa kalekale popanda mwambo wa maliro.

Mavu tagwirizana, atuluka. Chala chimodzi chatupa.

Njira yatsopano: bokosi lotsegula, dzanja lamanja pa mausi, lamanzere likupepesa ndi lichero. Zaka zinayi za digiri kuti ndidzapete mphepo. Koma zikutheka! Mphindi khumi. Makumi awiri. A Nangozo adutsa, amayi adutsa, nyimbo zisanu zayera. Ndikuti ndisunga ndikamaliza yomalizayi.

Thii. Jenereta yazima.

Lero ndi Lachisanu, masana, a Jafali atseka golosale apita kumzikiti. Akhala akutero chibadwire changa. Dzulo anandikumbutsanso kawiri. Ndilibe womukwiyira, ndipo zimenezi ndiye zikundikwiyitsa.

Loweruka

Magetsi abwera, monita sinabwere. Kafungo ka mphira yopsa, basi. Ngakhale kalembo kaja kandisiya. Monita ina imene ndikuidziwa ili mu ofesi ina pa Boma, yokhoma, mwini kiyi anapita kumudzi.

Ndapita kwa amayi mwaulemu, chipewa m'manja, kupempha kuti tisinthe tsiku.

"Ndalengeza kale. Kamera ija si imalumikizika ku TV ya abusa? Tionera momwemo mmene unajambuliramo. Ife tilibe chobisa."

Inu mulibe.

Njira zotsala: kudwala malungo, koma amayi adzandiyeza pachipumi. Kuthawira ku Dambe, koma kumeneko kuli azakhali. Kutsitsa mawu a TV, koma kwaya yopanda mawu ngakhale ine sindingaiteteze.

Ndachapa malaya oyera. Munthu azipita kokaweruzidwa atatchena.

Lamulungu

Tchalitchi chadzaza. TV pa tebulo, ine pabenchi yakumbuyo.

Nyimbo yoyamba, mawu anga, omveka bwino kuposa kwaya: "A Nasibeko akuimba ngati wilibala yosowa girisi." Anthu agwa n'kuseka, kupatula a Nasibeko. Nyimbo yachiwiri ndikunena a Nabanda, ndipo woseka kwambiri ndi a Nasibeko. Zayenda choncho, aliyense kudikira nthawi ya mnzake. Pa a Nangozo sindinanene kanthu, ndipo akwiya: "Ine sindikwana ngakhale kunyozedwa?"

Ndinayamba kuganiza kuti ndapulumuka.

Nyimbo yomaliza, akutsogolera amayi. Kuseri kwa kamera mawu ena alowerera. Aamuna. Okweza, okhota, othamangira patsogolo pa ng'oma, ndime zonse zitatu. Ndi ine. Sindikukumbuka n'komwe.

Kenaka a Nasibeko atembenuka: "Aphunzitsi, girisi uja muyambe ndinu."

Amayi sanaseke. "Kani mawu ake umawadziwa onse." Agamula pomwepo kuti kuyambira Lachitatu ndizipita kokonzekera nyimbo mpaka ndiwongoke. A Nangozo avomereza. Aka n'koyamba awiriwa kugwirizana.

Choncho, Akuluakulu Opanga Makompyuta, ndikufuna chipepeso: monita yatsopano, mbuzi imodzi ya a Nasibeko, ndi munthu wanu mmodzi wodziwa kuimba, azibwera Lachitatu lililonse kudzaima m'malo mwanga. Mzere wachiwiri, pakati pa amayi ndi a Nangozo. Duku abwere nalo lake.