Msana Umathera Pati

Malemu a Katumba anajambula anthu amasewero moyo wawo wonse, koma nkhope ya munthu sanaijambulepo mwadala. Ikapezeka pachithunzi chawo, dziwani kuti mwiniwakeyo anawerama pa nthawi yolakwika. Dzinalo linabwera motere. Ojambula anzawo akamakankhana kutsogolo kwa wopambana kuti amwetulire, iwo amakhala atagona chafufumimba pakapinga, kamera italoza akatumba.

"Nkhope ndi ya paukwati ndi pachiphaso," ankatero. "Wathamanga ndi mwendowu. Nkhopeyo yangokwera ulere."

Tinkagwira nawo ntchito ku magazini ya zamasewero, m'chipinda cha pamwamba pa sitolo ya matayala, momwe fani inkazungulira pokhapokha kukabwera alendo. Ine ndinkakonza nkhani ndi kulemba mawu a pansi pa zithunzi. Ndiuzeni, pansi pa chidendene mungalembepo chiyani? Komatu anthu ankagula. Ankang'amba masambawo n'kumata m'malo ometera tsitsi, n'kumakangana tsiku lonse kuti phewa ili ndi la goloboyi wa timu iti.

Tsiku lina wankhonya wina anakwera masitepe atakwinya nkhope.

"Madala, mayi anga agula magazini, koma akuti sakundiona."

"Auze atsegule pakati."

"Pakati pali nthiti zokhazokha."

"Ngati sakuzindikira nthiti zimene anabereka okha, mlandu si wanga."

Mawa lake anabweranso, wofatsa ngati mkamwini, kudzapempha chithunzicho. Mayi ake anali atazindikira chipsera cha pamene anagwa mumtengo ali mwana.

Amene sankawakonda ndi akuluakulu a mabungwe. Mlembi wamkulu wa bungwe la othamanga anasoketsa suti yatsopano kuti akapereke chikho. Chithunzi chitatuluka, panali dzanja la wothamanga, mitsempha ili tolotolo, litagwira chikhocho, ndipo pambali pake mimba ya bwana, batani limodzi likulimbana ndi imfa. Foni inalira m'mawa womwewo.

"Nkhope yanga ili kuti?"

"Pepani bwana. Ine kwa munthu aliyense ndimajambula chiwalo chimene chagwira ntchito kwambiri."

Mkonzi wathu anapepesa mwezi wathunthu.

Nkhani imene inawakalambitsa ndi ya Nachitsulo, mayi wonyamula zitsulo. Anali atapambana mipikisano yambiri, koma sanaikidwepo pachikuto cha magazini iliyonse, akuti chifukwa sankamwetulira. Bondo litamukana, anaganiza zopuma. A Katumba anamulonjeza kuti asanaiwalike adzakhala pachikuto chathu, ndipo anamujambula chakumbuyo pa mpikisano wake wotsiriza: chitsulo chili m'mwamba, ufa woyera m'mapewa, minyewa itatukuka ngati mizu ya mtengo waukulu, thukuta likutsika m'ngalande ya pakati. Kamalaya ka mpikisano kanali ka zingwe ziwiri. Mkonzi atachiona anavula magalasi, nawavalanso, n'kunena kuti chiyenera kudutsa ku Komiti Yoona za Ulemu m'Zofalitsa.

Ndinawaperekeza. Mamembala anakhala mondondozana kuseri kwa tebulo lalitali, aliyense ndi botolo lake la madzi. Wapampando anachigwira chithunzicho m'mphepete, ngati mbale yotentha.

"Lamulo limaletsa maliseche."

"Uwu ndi msana, bwana."

"Msana wosavala."

"Ukavala sukhalanso msana. Amakhala malaya."

Mlembi wa komiti anafunsa ngati alembe zimenezo. Anauzidwa kuti asalembe. Pamenepo mayi wina, amene ankaoneka kuti anawerengapo lamulolo, anatsokomola pang'ono.

"A wapampando, msana wokha lamulo siliuletsa. Limaletsa zimene zili kumunsi kwake. Ndiye tigwirizane kaye: msana umathera pati, ndipo zinazo zimayambira pati?"

Bambo wina wachikulire kumapeto kwa tebulo anapititsa dzanja kumbuyo mwakachetechete, n'kuyamba kudzifufuza. Ataona kuti tikumuona ananamizira kukanda.

Anasankha komiti yaing'ono. Komiti yaing'onoyo inapita kuhotela kukakambirana, ndipo inabwerako itanenepa, ndi mfundo yakuti nkhaniyi ikufunika katswiri. Katswiri anayankha kuti zimatengera munthu wake. Yankho limeneli analibweza, akuti silikugwirizana ndi mzimu wa lamulo. Kenako anatitumizira nthumwi ndi maganizo oti pachithunzipo tijambulepo bulauzi, makamaka ya mtundu wodekha.

"Mayiyu wakhala akusoka malaya awa moyo wake wonse," anatero a Katumba, chala chili pa minyewa ija. "Inu mukuti ndimuveke ena a pakaunjika?"

Mkonzi anayesa kuwanyengerera. "Achimwene, ikani nkhope yake basi, tithane nazo."

"Ndinamulonjeza msana."

"Iye sangadandaule."

"N'chifukwa chake sindingamuchite zimenezo."

Magazini ikangotuluka, Nachitsulo ankakwera masitepe athu, bondo likulira, n'kuyang'ana pachikuto. Pankakhala mabwana akupatsana moni.

"Malume, zafika pati?"

"Akadayezabe, mwanangu."

"Bwanji ndingochiona chithunzicho, mtima ukhale pansi?"

"Msana ngati umenewu sauonera m'manja. Udzauona uli pakhoma, wamkulu ngati chitseko."

Ankaseka pang'ono n'kutsika. A Katumba ankatenga jekete n'kupita kukomiti, kumene alonda anali atawazolowera mpaka kuwasungira mpando pakhonde. Chifuwa chinawayamba nthawi yozizira. Anati n'chimfine, ndipo anapitirizabe kukakhala pakhondepo. Pomwe tinkawatengera kuchipatala n'kuti atachepa ngati mwana wasukulu. Sanakhalitseko.

Chigamulo chinafika titabwerako kumaliro. Komiti, itaunika mozama ndi kufunsa mbali zonse zokhudzidwa, inapeza kuti msana umathera pamene wojambula wathera chithunzi chake, ndipo popeza chithunzi ichi chinathera pamsana, panalibe choletsa. Inayamikiranso wojambulayo chifukwa cha kuleza mtima, n'kumupempha kuti akasaine yekha.

Masiku ano magazini yathu ndi mano okhaokha. Wojambula watsopano ndi munthu waulemu, amafika pa nthawi yake, ndipo buluku lake silinakhudzepo kapinga. Amandandalika anthu, mabwana pakati, n'kuwauza kuti amwetulire. Wopambana amapezeka kumapeto, phewa limodzi litadulidwa. Mawu a pansi pa zithunzi savutanso: kuchokera kumanzere kupita kumanja. Foni siliranso m'mawa, ndipo mkonzi, amene ankalakalaka mtendere, tsopano amangoiyang'ana.

Koma chikuto chija tinachitulutsa, ndipo china tinachikulitsa n'kuchipachika pakhoma. Nachitsulo anabwera masana. Anaima patsogolo pake nthawi yaitali, manja ali m'chiuno, ngati munthu woyendera nyumba imene akufuna kugula.

"Ndi wanga umenewu?"

"Ndi wanu, mayi," anatero mkonzi.

"Ndakhala nawo zaka zonsezi, koma sindinauonepo." Anasendera pafupi n'kuika chala pansi pa phewa lamanzere, pamene mnofu unapindika mosiyana ndi unzake. "Apa ndi pamene pamandiwawa kukazizira. Sindinauzepo munthu." Anachotsapo chalacho. "Kani ndinali chonchi."

Sanalire. Anatenga magazini imodzi, naipinda bwinobwino, n'kutsanzika. Akutsika masitepe, pang'onopang'ono chifukwa cha bondo, tonse tinapezeka taima pakhomo tikumuyang'ana kumbuyo, ndi mkonzi yemwe. Kamera ya malemu inali patebulo pomwepo, koma panalibe woti aitole.