Laputopu Yotsina Wovula Nsapato

Pepani owerenga, ine si mlembi. Sukulu yanga ndi ya kumudzi kuseri kwa Chonde, ndipo nkhaniyi ndi yochititsa manyazi. Koma abwana anga, Mayi Nakoma, amaifotokozera aliyense wobwera, ndiye bola ndidziyalutse ndekha.

Mayiwa ali ndi kashopu kotayipa makalata pa Chitakale. Ananditenga nthawi ya mvula kuti andiyese kaye. "Ukachita bwino, ntchito ndi yako," anatero. Kwathu anandilangiza kuti matope salowa nawo m'nyumba ya eni, choncho m'mawa uliwonse ndinkavula nsapato pakhomo n'kuponda simenti yachinyezi ndi mapazi.

Tsiku loyamba, nditangokhudza laputopu ili pa chaja, inanditsina mpaka m'chigongono. Ndinati, "Pepani." (Inde, ndinapepesa laputopu.) Kuwauza abwana ndinaopa, angati ndaiwononga. Komanso iwo ankaigwira bwinobwino, ndiye ndinangoti chinthuchi chimadziwa mwini wake ngati galu.

Ndinayamba kutayipa ndi chala chimodzi, dzanja lili m'mwamba ngati ndikuchotsa mbatata pamoto. Kenako ndinkadina ndi pensulo. Kalata ya mizere isanu ya bambo wina wofunsira ntchito ku esiteti ya tiyi inandifikitsa masana, mwini wake mpaka anagona pa benchi.

Lolemba lina abwana anandikhazika pansi.

"Mwana wanga, ulemu uli nawo, koma kompyuta ukuiopa. Ndiyang'ane wina?"

Apa ndinaulula: "Amayi, imanditsina."

"Ikutani?"

"Imatsina ine ndekha. Inu imakupatsani ulemu."

Anaseka mpaka kutsokomola. Anaigwira, osamva kanthu. Kenako maso awo anagwa pa mapazi anga.

"Nsapato zako zili kuti?"

"Pakhomo, amayi. Matope."

Anavula nsapato zawo za labala, n'kuponda simenti, n'kugwira laputopuyo.

"Mayo ine!" Analumpha mpaka mpando unagwa. "Iwe! Masabata onsewa nyesi ikukugwira, uli chete?"

"Ndimati ndi mmene makompyuta amakhalira."

Anazula chaja pa soketi nthawi yomweyo. "Ntchito ndi yako. Koma chikakupweteka uzinena, wamva? Ulemu wina ndi wakupha."

Wokonza magetsi wa ku Nkando atabwera anapeza kuti waya woteteza ku nyesi, wolowa m'nthaka kuseri kwa shopu, unadulidwa ndi khasu pamene anthu ankakumba ngalande. Anati nsapato zinkangobisa vutolo, sizinkalichotsa. Abwana atamva anayamba kunditchula kuti "tesita", kachipangizo koyezera magetsi kaja, dzina lomwe landikakamira mpaka lero.

Tsopano ndimatayipa ndi zala zonse. Kunena zikandipweteka ndikuphunzirabe, ndipo m'mawa ndisanaikhudze laputopu ndimanong'onabe kuti "odi", ngakhale waya uja anaulumikiza ndipo kutsinako kunatheratu Lachisanu, pa 14 Marichi.