Belo Langa Lilibe Mimba

Lolemba

Iwe wosuzumira zolemba za eni, poti wayamba kale kuwerenga, tandiyankha: unaonapo belo la fodya lili ndi mimba? Ngati sunalionepo, pita ukawauze apampando a kalabu yathu.

Mabelo anga ali pakhonde, akudikira lole ya kalabu yomwe ikupita ku okushoni Loweruka. Enawo ali bwinobwino ngati njerwa. Limodzi lokha mbali ina yatulukira kunja. Apampando afika kudzayendera. Akulizungulira, akuligogoda ndi chala ngati dzungu la pamsika, kenako pamaso pa anthu: "Achimwene, ili lili ndi mimba. Mwabisamo chiyani?"

Sukulu sindinapite nayo patali, koma mawu ndimawadziwa kulemera kwake. Kuno zimayenda chonchi:

Lafufuma: fodya ndi wabwino, wangodzuka yekha atachoka podindira ndi jeke, ngati mandasi m'mafuta. Palibe mlandu.

Latupa: muli chinyezi, fodya akuola. Ndi matenda amenewo.

Lili ndi mimba: muli china chake chomwe si fodya. Mwala, njerwa, choti sikelo ilemere. Kuba! Wotero amamuchotsa m'kalabu, feteleza wa chaka chamawa n'kumangomumvera kwa anzake.

Akuti nditsegule aone. Sinditsegula! Wotsegula ndiye kuti akudzikayikira. Ndiliphwetsa ndekha lisanafike Loweruka.

Lachiwiri

Ndaligoneka, mbali yotulukayo kumwamba. Ndakhalapo kuyambira m'mawa. Tiyi ndamwera pomwepo.

Mayi a kunyumba akudutsa ndi ndowa: "Mukufungatira? Aswa liti anapiyewo?"

Ndawonjezera matumba a chimanga ndi mtondo. Madzulo ndachotsa. Lidakali choncho, ngati linunda la ng'ombe ya pangolo.

Wina wodutsa pa njinga, wosafunsidwa n'komwe: "Latukumuka bwanji!" Ndamukuwira kuti kutukumuka ndi kwa nkhukundembo ndi anthu odzimva. Belo lingadzimve? Mayi ali m'khitchini: "Latengera mwini wake."

 

Lachitatu

Nzeru yatsopano. Ndazula chitseko cha khitchini, ndachisanjika pamwamba, ndaitana amuna a ku bawo akwerepo azidumpha.

Zotsatira:
chitseko chang'ambika pakati;
m'belo mukumveka phwanyu phwanyu;
mbuzi zalowa m'khitchini, zamaliza mbatata;
linunda laphwa pang'ono, masana labwerera.

Atachoka onse ndapapasa pa chiguduli. Pali cholimba. Chenicheni, chokwana chibakera.

 Tsiku lodinda belo limeneli ndinathamangira ku Santhe kukagula chingwe chosokera. Amene anayala fodya m'bokosi lodindira ndi mlamu wanga Dokiso, mlongo wa mayi a kunyumba. Ine ndinangofika n'kupana ndi jeke. Zam'kati sindinazione.

Ayi. Dokiso amaimba kwaya.

Koma oimba kwaya sanyamula miyala?

Lachinayi

Ine sindidziwa kuzungulira. Ndamupeza mlamu akuthirira kudimba.

"Mlamu, munaikamo chiyani m'belo lija?"

"Fodya."

"China?"

"Thukuta langa."

Waika kheni pansi, wandiyang'ana nthawi yaitali, wapita osatsanzika. Nkhani yandipitirira kufika kunyumba. Mayi akuika mbale patsogolo panga ngati akuikira galu wa eni. Mawu amodzi okha tsiku lonse: "Mwana wa mayi anga."

Ndiye taonani pomwe ndafika. Mukapezeka mwala, ndatuluka m'kalabu, ndipo pakhomo pano sipadzakhalanso mtendere. Mukapanda kupezeka, ndanyoza munthu wosalakwa.

Ndanunkhiza belo. Ndaikapo tsaya. Likumveka lofunda. Mwina latupa? Mwina ndi dzuwa chabe? Ndadzipeza ndikupempha kuti likhale lotupa, fodya aole, bola usakhale mwala. Mlimi kupempherera fodya wake kuti aole!

Lachisanu

Ku mjigo nkhani yafika kale. Amayi akudutsa ndi zigubu pamutu: "Bambo, wodwala wagona bwanji? Mudzatiitane tidzaone mwana!" Wina akuti likuoneka kuti ndi mapasa.

Kuyesa komaliza. Ndakulunga chingwe cha ng'ombe pakati penipeni, ine kukoka uku, mtengo wa mango kugwira uko. Ndakoka mpaka maso kuda.

Pakati palowa, inde. Koma zatulukira pamwamba ndi pansi. Tsopano belo lili ndi chiuno. Likuoneka ngati chipanda cha mowa.

Mayi aima pakhomo la khitchini lopanda chitseko lija, aliyang'ana, andiyang'ana ine, mapewa akugwedezeka. Akubisa nkhope m'chitenje. Mkwiyo ulipo, koma kuseka kwaugonjetsa.

Basi. Ndatumiza mawu kwa apampando: mawa nditsegula, abwere ndi maso awo onse.

Loweruka

Lole yaima pa msewu, ikulira. Anthu adzaza bwalo ngati pali gule. Mlamu waima patali, manja kumbuyo.

Ndikudula ulusi. 

Fodya. Pansi pake fodya. Ndikufika pa cholimba chija, ndikutseka maso, ndikukoka.

Mitu ya timitolo ta fodya, yapanikizana malo amodzi n'kuuma gwa. Basi! Mwala palibe. Nkhungu palibe. Fungo lokoma lokhalokha. Ndafukula mpaka pansi, ndakutumula chiguduli kuti aliyense aone.

 Ndakhala pansi pa dothi, ndikuseka ngati wopenga, misozi ikutsika. Zikomo Ambuye, zikomo!

Apampando akukanda m'mutu, motsitsa mawu: "Ndiye kuti linangofufuma."

Linangofufuma! Sabata yonse!

Mlamu wapita pa bokosi lodindira la kalabu, wagoneka ndodo yowongoka m'mbali mwake. Thabwa limodzi lapindikira kunja ngati uta. "Ndinakuuzani kuti lakwana, mlamu. Inu munkapana jeke ngati mwagwira wakuba." Anthu kuseka. Ine sindikukumbuka zoti anandiuza. Komanso thabwa labwino silipindika chifukwa cha munthu mmodzi.

Fodya wa pakati, amene amuna aja ankavinapo, wasanduka zinyenyeswazi. Bokosi ndi lopindika, podindira palibe. Lole yanyamula enawo, ili latsala.

Lamulungu

Ndagona tulo ngati khanda. Kutchalitchi ndaimba mpaka wa pafupi kusuntha.

Mmene zinthu zilili:
m'kalabu ndidakalimo;
fodya wabwino wachepa, wotsalayo adikira ulendo wina;
khitchini ikutsekedwa ndi lata ndi mwala;
mbuzi zikuyenda mimba zili tantha, ndipo pamenepo mawuwo ndi oyenera.

Ndapita kwa mlamu ndi tambala m'khwapa. Ndanena mosazungulira: "Ndinalakwa." Walandira tambala, wamukweza kuyesa kulemera kwake, wamupapasa pachifuwa: "Mulibe mwala umu?" Ndameza. Ndi zanga zimenezo. Mayi ayambanso kuyankhula, mwina mopitirira.

Zonsezi ndavomera. Chimodzi chokha chikundikanika pakhosi. Mawu oti mimba ananenedwa mokweza, bwalo lonse linamva, anafika mpaka ku mjigo. Oti kufufuma anangonong'onedwa, anamva ndi ine ndi nkhuku.

Ayi, sizitero. Pa msonkhano ukubwerawu thabwa lija likonzedwe lisanapachike munthu wina, misomali ndigula ndine, chabwino. Koma apampando aimirire, chipewa m'manja, anene mokweza mpaka a ku mjigo amve: belo lija linalibe mimba!