Madzi a m'Timapaketi Amene Anandibwezera NyaShaba

Amene akuti ndimanama aimirire pompano, akwere basi akafunse apongozi anga ku Embangweni. Ine Jailosi ndinamwa madzi a kafukufuku, mutu wanga n'kuyaka. Mukumva?

Nthawi imeneyo ndinkacheka matabwa ku Chikangawa, ndipo mkazi wanga NyaShaba anali atandithawa chifukwa cha kusunama ndi kuiwala. Kuno ku Mzimba munthu akakupatsa ngakhale madzi umamuthokoza ndi chiwongo, dzina la mtundu wake lija, koma ine mwana wa ku Dedza ndinathokoza apongozi aamuna ndi chiwongo cha eni ake, pamaliro, anthu onse akumva. Mkazi anamanga katundu. Zinandiwawa kwabasi.

Kenako kunabwera anamwino ndi timapaketi ta ufa wosungunula m'madzi, ati aone ngati munthu wotaya thukuta akamwa amaganiza bwino n'kusangalala. Ena ankapatsidwa tenitenito, ena tongofanana nato, koma osatiuza. Nditangomeza kapu yoyamba ndinakumbukira tsiku limene ndinabadwa, ndi chitenje chimene azamba anavala, ndi miseche imene ankanong'onezana, ndiye ndinayamba kuseka, kuseka kwake kogwetsa mitengo ya paini mzere wonse, mpaka abwana anazimitsa makina n'kumangondilozera koti ndisekere, mitengo n'kumagwa ili yochekacheka kale, nkhungu ya ku Luwawa itamva n'kuthawira ku Zambia osabwerako chaka chonse. Namwino akati andifunse mafunso oyesa nzeru ndinkayankha asanatsegule pakamwa, mpaka kompyuta yake inatuluka thukuta, ife n'kuimwetsako paketi imodzi. Ndikulumbira, ndinaigwirira kapu ndine.

Ndinanyamuka wapansi ulendo wa ku Embangweni, malole a matabwa ndikuwapitirira n'kumawakankhako pachitunda, ndipo nditafika ndinagwada pabwalo n'kuthokoza mudzi wonse aliyense ndi chiwongo chake, nkhalamba, makanda, mwana amene anali akadali m'mimba, alendo ongodutsa, ngakhale ng'ombe m'khola, mpaka zinagwada n'kuyankha kuti yewo. Mukumva? Apongozi anagwetsa misozi. NyaShaba anandiyang'ana n'kunena m'Chitumbuka chakecho, momwe mano ndi nzeru, kuti, "Mbwenu mano muli nawo, a Jailosi? Dikirani ndimange katundu."

Kafukufuku atatha namwino uja anandiitanira pambali. "Bambo, inu munali m'gulu la timapaketi tongofanana tija. Munkamwa madzi a utoto basi."

Ndinamugwira mwendo kuti asauze NyaShaba, poti mpaka lero m'mawa uliwonse amandisungunulira shuga ndi kamchere m'kapu kuopa kuti ndingasunamenso, ndipo ine ndimamwa ndikumwetulira, chifukwa mkazi ameneyu sindifuna kumutayanso. Mukuseka chiyani? Zonse zija ndinachita ndi madzi a utoto. Ndikanamwa enieniwo, bwenzi Mzimba yense ali apongozi anga.