Matimati Anga Akudikila Voti

Lolemba

Matimati apsa. Makleti khumi ndi awili, ofiila bwino, olimba. Chaka chino palibe venda amene aimike njinga kudimba kwanga, kufinya timati ndi chala n'kutchula mtengo wachipongwe. Tili ndi apu yathu ya pafoni. Yathuyathu: alimi 58 a m'kopaletivu yathu kuno ku Mwase Lundazi, aliyense mwini wake, aliyense voti imodzi. Ujambula katundu, uika pafoni, ogula a ku boma aona n'kukuimbila.

Lamulo loti katundu asaonekele kwa ogula mpaka mamembala 30 avomeleze ndinalemba ndine. Zaka zonse zija za choko sizinapite pachabe. "Kuti tisagulitse zoola," ndinatelo pamsonkhano, anthu n'kuomba m'manja.

Ndajambula, ndaika. Pofika madzulo mavoti ndi awili: yanga, ndi ya abusa, amene amavomeleza chilichonse.

Lachiwili

Mavoti asanu. Eni ake a apu ali otanganidwa ndi zikuluzikulu:
- dzina la apu likhale la Chitumbuka kapena la Chinyanja (mwezi wachitatu uno, apu ilibe dzina)
- pachizindikilo pakhale chimanga kapena ng'ombe
- mbuzi ya aZgambo yasowa, ili ndi banga pamphumi

ABanda, wapampando wathu, atumiza uthenga wa mawu wa mphindi zisanu ndi zinayi. Zitatu zoyambilila ndi moni. Za matimati, ziii.

Ndimawakonda anthu a kuno, koma ukawapatsa voti amaisunga ngati malaya a ku ukwati.

Lachitatu

Ndayenda khomo ndi khomo, ine mphunzitsi wopuma, kupempha anthu kuti adine kabatani kamodzi. Mayankho:
- bandulo yatha
- foni apita nayo abambo kumowa
- netiweki imagwila pachulu, ndipo pachulu pali njoka
- "Madamu, ine ndinavota kale chaka cha masankho"
- foni ili kotchaja kwa aNyazimba (makomo khumi ndi limodzi ayankha chimodzimodzi)

ANyazimba ndiwo a golosale ya pamphambano. Sola ali nayo okha, ndiye mafoni a mudzi wonse amaswela pashelefu yawo.

Mavoti 14. Voti itsekedwa Lachisanu masana, ndipo mpaka nthawiyo munthu angathe kusintha maganizo. Lamulo limenelonso ndi langa. Matimati a pansi pa kleti ayamba kufewa.

Lachinayi

Foni yanga yathima ndi kuyang'anayang'ana mavoti. Ndapita nayo kwa aNyazimba. "Monile aMadamu, isiyeni pompo, muitenge mailo." Ndiye kuti igona konko mpaka mawa. Mano onse panja. Andifunsa ngati ili ndi loko. Loko wa chiyani? Ndibisa chiyani ine?

Kuseli kwa golosale, makleti a matimati mulu. Awo. Ang'onoang'ono, ena obiliwila kumatako, oti mwana wa giledi wani sangajambule. Akuti anaika pa apu dzulo m'mawa, pofika nthawi ya tiyi mavoti anali 44. Makumi anayi ndi anayi! M'mudzi momwe netiweki ikulondedwa ndi njoka.

Ndawayamikila. Ndaleledwa bwino.

Lachisanu

Ndatenga foni yodzala. Voti yatsekedwa. Inde: 9. Ayi: 38.

Ndakhala pansi pamsewu pomwepo. Ngakhale 14 aja atsika. Anthu amene Lachitatu analibe bandulo, lelo ali ndi maganizo pa matimati anga omwe sanawaone n'komwe.

Kagalimoto ka wogula wa ku boma kafika, kapakila makleti a aNyazimba, kadutsa pakhomo panga n'kundisiyila fumbi. Mtima ukundiwawa, sindibisa. Madzi ndatunga ndi msana uno miyezi itatu.

Ndapita kwa aBanda. Ndawauza kuti mafoni onse anagona shelefu imodzi ndipo chala chinadina ndi chimodzi. Agwedeza mutu mwachisoni. "Nkhani yaikulu iyi, Madamu. Lembani dandaulo, mamembala avotele." Avotele pa chiyani? "Pafoni."

Loweluka

Fungo layamba. Ntchentche zadziwa za matimati anga msanga kuposa ogula.

Ndameza manyazi, ndatuma mawu kwa venda yemwe uja ndinamuthamangitsa chaka chatha. Wabwela akuimba mluzu. Wafinya timati limodzi, madzi pyaa pamalaya ake. Akuti, "Amayi, mesa muli ndi apu?" Wakwela njinga osatenga ngakhale kleti imodzi.

Dandaulo langa: inde 3, ayi 35. Changu chake ndiye chosililika.

Ndauza aMtonga, mlembi wathu, kuti atulutse maina a onse amene anakana matimati anga. Zonse poyela, malamulo amatelo. Mawa ndikawayang'ana m'maso mmodzimmodzi pakhomo la tchalitchi.

Lamulungu

AMtonga aika maina pa apu tikutuluka m'mapemphelo. Ndawelenga nditaimilila pansi pa mtengo wa mango.

Agogo aNyilongo, amene maso anasiya kuona kalekale: ayi. AMvula, amene tinawaika m'manda nthawi yokolola nshawa: ayi. Apumule mumtendele, ufulu wawo akuugwilitsa nchito. Abusa: ayi.

Nambala 21, dzina langa. Ayi.

Azimayi a kwaya awelenganso pamafoni awo. Wina akuti, "Nanga Madamu, mwakana mwekha, ife tikanatani?" Aseka mpaka kugwilana mapewa. ANyazimba adutsa ndi chitenje chatsopano. "Yewo aMadamu." Ndayankha yewo.

Masana ndakankha wilibala kasanu kupita kukhola la aZgambo. Nkhumba zavomeleza zonse, palibe yokana. Makleti ndatsuka, ndayanika.

Ndinati ndilembe kalata yotuluka m'kopaletivu, koma kutuluka nakonso kumafuna mavoti 30. Ndikudziwa bwino amene analemba zimenezo.

Batile latsala kamzele kamodzi kofiila, ndipo kotchajila kwina kulibe. Mawa m'mawa ndipita nayo kwa aNyazimba.