Chiswe cha pa Felemu ya a Mwina

Mumsewu mwathu munali bambo wina amene sankayankha funso popanda kuyamba ndi "mwina". Tonse tinkangowatcha a Mwina, dzina lawo lenileni ankalidziwa ndi a positi okha. Ukawafunsa ngati adzuka bwino, ankayamba adzigwiragwira kaye m'nthiti, kenako n'kuyankha kuti, "Mwina."

Matendawa anawatenga kuntchito. Moyo wawo wonse anagwira kumalo ofufuzira tizilombo, m'chipinda chodzaza timabotolo ta spiriti, ndipo mwa zolengedwa zonse za Mulungu iwo anasankhapo chiswe. Ine ndine kalipentala, shopu yanga inayang'anizana ndi nyumba yawo. Ndiye tangoganizani, mdani wanga wamkulu kwa iwo anali m'bale.

Tsiku lina ndinawatengera thabwa lodyedwa mpaka kusanduka chikungwa.

"A neba, chandithera thabwachi ndi chiswe chanji?"

Anatulutsa kagalasi kawo kokulitsira zinthu, n'kupukusa mutu. "Mwandibweretsera antchito okhaokha, amisiri. Antchito a chiswe amafanana onse. Dzina lili pamutu pa msilikali, wa mano uja. Kam'pezeni."

Ndinabwerera, ndinafukula, msilikaliyo anandiluma mpaka magazi, ndipo ndinabwera naye ali lende pachala. A Mwina sanafunse n'komwe za chala changa. Anayang'ana kachilomboko mpaka tiyi wawo anazizira, kenako anatchula dzina la Chilatini lalitali kuposa thabwalo.

"Koma mwina," anatero. "Chaka chatha ankatchedwa choncho. Pano akatswiri am'samutsira ku banja lina, ndipo ena akukana."

"Mwini wakeyo akudziwa kuti anasamuka?"

"Sanauzidwe."

"Ine ndimangofuna mankhwala omuphera."

Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi.

Kabotolo kalikonse m'nyumba mwawo kanali ndi kapepala ka dzina, ndipo kumapeto kwa dzina lililonse anaikako chizindikiro cha funso. Anthu ankati ngakhale paukwati, abusa atawafunsa, anayankha kuti mwina. Koma akazi awo, amene ine ndinkawatcha alamu, ankatsutsa zimenezo. Ankati tsiku lokhalo bambowa ananena "inde", ndipo mokweza mpaka abusa anagwetsa buku.

Nkhani yeniyeni inayamba a Mwina atapuma pantchito. M'mawa wina anawoloka msewu opanda nsapato, kagalasi kali m'manja.

"Amisiri, bwerani muone! Pa felemu ya chitseko cha kukhitchini!"

Ine ndinangoona chiswe chikudya ntchito yanga, chifukwa felemuyo ndinaipanga ndine. Iwo anaona msilikali wa dzino limodzi lokhota mwachilendo, amene m'zaka zonsezo anali asanamuonepo. Anati ngati chinalidi chiswe chatsopano, wochipeza ndiye amachitcha dzina, ndipo dzinalo limalembedwa m'mabuku a dziko lonse lapansi. Anali atasankha kale: dzina la akazi awo, lokhotedwa pang'ono m'Chilatini.

"Amuna anzanu amagulira akazi awo nsalu," anatero alamu ataima pakhomo. "Inu mukundipatsa chiswe."

Koma madzulo ake ndinawamva akuuza mayi wogulitsa makala, mwakachetechete ngati nkhani ya mimba yoyamba. Ananyadira, musanamizidwe.

Vuto linali loti kalekale munthu wina analemba za chiswe chofanana nacho, m'mizere yochepa chabe, ndipo kabotolo kake kanatayika. Panalibe poyerekezera. A Mwina anatumiza asilikali awo kwa akatswiri akutali. Wina anayankha kuti n'chatsopano. Wina anati n'chakale chomwe chija. Wachitatu anati banja lonselo likufunika kulikonzanso, ayambe adikira. Mwa atatuwo, a Mwina anamvera wachitatu.

Zaka zinapita, chiswe chikudya. Chitseko chinayamba kukwekwereza pansi, ine n'kumachipala. Mahinji anasowa pogwira, ndinawasunthira m'mwamba. Nditati ndisinthe felemu, a Mwina anaima pakhomo atatambasula manja.

"Mtundu wonse uli m'menemu! Mukufuna kupha mtundu?"

Mapeto ake chitseko tinachichotsa, alamu anapachikapo katani.

Tsiku lina ndikukhoma shelefu m'khitchinimo, ndinawamva akukambirana.

"Bambo, tangolembani dzinalo. Tsitsi langa layera ndikudikira."

"Mayi, simukumvetsa. Ndikalemba, kenako n'kudzapezeka kuti n'chakale chija, dzina loyamba ndi lomwe limakhala. Lanu adzalifufuta. Ine ndilole dzina lanu lifufutidwe pamaso pa dziko lonse?"

"Bola kufufutidwa kusiyana n'kusalembedwa," anatero alamu, n'kupitiriza kutsuka mbale.

Ine pamenepo ndinakwiya, ndipo mpaka lero ndikakumbukira ndimakwiyabe. Ndinatsika pampando n'kuwauza kuti, "A neba, ndionetsetse adathetsa nkhosa." Anavomera kuti mwambiwo ndi woona. Anawonjezera kuti mwina.

Atadwala ndinapita kukawaona. Anali atatha thupi, koma kabotolo kaja kanali patebulo pambali pa mankhwala awo.

"Amisiri, bokosi langa mudzapange ndinu. Koma musadzapake mankhwala a chiswe. Ndachiviika mu spiriti moyo wanga wonse, nachonso chidzandione."

"Zimenezo zisiyeni. Dzina lija mwalemba?"

"Katswiri wachitatu uja akuti watsala pang'ono kumaliza. Ndikangodzuka pano, ndilemba."

Sanadzuke. Bokosi ndinapanga monga ananenera, ndipo ndinapala matabwa ake misozi ikugwera pa utuchi. Sindinkalira imfa yokha. Ndinkalira munthu amene anakonda mkazi wake kwambiri mpaka anaopa kum'patsa mphatso, poti mwina ingadzathyoke.

Masiku ano mumsewu mwathu aliyense amadziwa chilichonse. Ukafunsa za mvula, za matenda, za mpira, yankho limabwera usanatseke pakamwa. Chiswe chikandidyera thabwa ndimangothira mankhwala, palibenso wondituma kukagwira msilikali. Nthawi zina ndimapezeka ndaima pakhomo pa shopu, thabwa lodyedwa lili m'manja, ndikuyang'ana kutsidya kwa msewu.

Mwezi watha ana awo anabwera kudzakonza nyumba ya mayi awo. Anandiitana, ndinapita ndi felemu yatsopano ndi chigubu cha mankhwala. Yakaleyo inali itatsala penti yokha, ukaigwira chala chinkalowa. Pawindo la khitchini panali kabotolo kaja. Pakapepala kake a Mwina analemba dzina la banja la chiswecho, n'kusiya mpata wopanda kanthu, kenako chizindikiro cha funso.

Nditangotsegula chigubu, alamu anatulukira kuseri kwa katani n'kundigwira dzanja.

"Amisiri, chisiyeni," anatero.

"Amayi, n'chiswe chabe ichi," anatero mwana wawo wamkulu. "Chigwetsa nyumba."

Alamu anaweramira pa felemu ija. Anayang'ana timizere ta dothi tokwera m'felemumo, mmene asilikali anali atayamba kale kusuzumira.

"Musachiphe," anatero. "Mwina ndine."